Paini wa Chaka Chino

Joni, 10 Sepitembala

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kwa ine mwana wanu Magadalena. Muli bwanji kumeneko ndi Amayi, alamu anga a Pilira ndi kamtsikana kawo Sungeni? Ine ndili bwino. Mlongo wanga Tony nayenso ali bwino, wangoda ndi dzuwa basi.

Kalata yanu ndinalandira Lachinayi, a Yunus atafika ndi galimoto lawo la katundu. Anzanga kuno amandiseka kuti ndatsala ndekha wolemba makalata pamene aliyense ali ndi foni. Ndimawauza kuti bambo anga anakhala zaka makumi awiri akucheka matabwa ku Phiri la Dedza, makina anawagonthetsa makutu, ndiye pa foni samva kanthu, koma cholembedwa amawerenga mpaka kukonza zimene ndalakwitsa.

Mwati mwasankha kale mtengo wa Khirisimasi ya chaka chino, paini wachitatu kuchokera pamwala waukulu kumtunda kwa munda. Bambo, mu Sepitembala! Anthu sanamalize n'kusosa komwe. Lero Tony atabwera kudzandiona ndinamuwerengera, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Wachitatuyo ndinabzala ndine, mwezi umene ndinkanyamuka. Muwauze Bambo asauyandikire ndi nkhwangwa. Chaka chino ndikubwera, zivute zitani." Ndiye ndakuuzani monga wanenera. Wayamba kale kugula tinthu: nsapato za mwana wake Sungeni, chitenje cha mkazi wake alamu aja, ndi chipewa chanu chimene wandiletsa kukuuzani.

Madamu amene ndimawagwirira ntchito mtengo wawo ndi wapulasitiki, umakhala m'katoni m'galaja chaka chonse. Tsiku lina ndinawafotokozera za kwathu. Ndinati ife pa 24 Disembala timalawirira nkhungu isanachoke, banja lonse n'kukwera kumunda. Woyamba kutema ndi wamng'ono pa onse, ngakhale akhale wochita kumugwira dzanja, kenako wopondana naye, mpaka nkhwangwa ifike kwa Bambo amene amagwetsa. Tikatero timausenza pamapewa, Amayi akuimba pambuyo, ife tikuterereka m'matope. Nthambi zam'munsi timakapereka kutchalitchi kuti amangire khola la Yesu, mtengowo n'kuuimika pabalaza m'ndowa ya mchenga, n'kuupachika thonje ndi mapepala a switi. Madamu anafunsa kuti nanga a zankhalango satigwira? Ndinati ayi, ndi mitengo yathu, bambo anga amabzala itatu chaka chilichonse. Anati ndi nkhani yokoma, kenako anandikumbutsa zochapa makatani.

Makhirisimasi atatu apita ife kulibe. Zimene munalemba chaka chatha zija, kuti munausenza inu ndi alamu awiriwiri, Amayi atabereka Sungeni, zinamulasa mtima Tony. Ndinamuona pankhope.

Ntchito yake ikuyenda. Akadali kwa bwana uja wodula mitengo m'mayadi a anthu olemera. Anzake amaopa kukwera, ndiye amene amapita pamwamba ndi makina ndi iyeyo. Amanyadira kuti anaphunzira kwa inu. Ine ndimangomukumbutsa kuti azimanga chingwe.

Ndatumiza kangachepe pa foni ya alamu. Mugule feteleza ku Mayani anthu asanachuluke, wina musungire mbatata ya kudimba. Amayi asamasenze matumba, msana uja.

Ndine mwana wanu,
Magadalena


Joni, 8 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino. Pepani zilembo zakhotakhota, ndikulembera pabondo chifukwa a Yunus akunyamuka masana ano.

Alamu akhala akundiimbira kufunsa chifukwa chake Tony sakupezeka pa foni. Foniyo inasweka. Tony wavulala pang'ono kuntchito, mwendo, ndipo ali kuchipatala. Akumusamala. Muwauze alamu asade nkhawa, komanso asamandiimbire masana chifukwa Madamu sakondwa nazo.

Mukakumana kumphakati Lachitatu mumupempherere. Sikuti pali choopsa ayi.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, mundikhululukire. Ngati feteleza simunagule yense, yambani ndi amene alipo.

Kuno kwatentha. Mitengo ya m'misewu yachita maluwa, anthu akuijambula. Ine sindikufuna n'kuiona komwe.

Ndine,
Magadalena


Joni, 29 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ndamva kuti Amayi anadwala chimfine, ndikhulupirira pano apezako bwino. Ine mutu wokha ndi umene ukundivuta, koma ndikugwira ntchito.

Mwafunsa kuti mwendo wake ndi uti, wamanja kapena wamanzere. Mwafunsanso kuti ngati munthu wavulala mwendo, dzanja likulephera bwanji kulemba kalata. Bambo, inu simusintha. Madokotala a kuno salankhula zambiri ndi munthu ngati ine. Akungoti tidikire. Akadali m'chipatala. Ndimapitako Lachinayi ndi Lamulungu, kukwera mataxi awiri kupita, awiri kubwera. Ndimamutengera phala la mgaiwa chifukwa chakudya cha kumeneko sakuchifuna. Bwana wake sanabwere kudzamuona.

Nkhani ya moto yandiopsa. Mwati osaka mbewa anayatsa tchire ndipo moto unafika pafupi ndi mzere wa paini, inu n'kulimbana nawo nokha ndi nthambi zaziwisi mpaka nsidze kupsa. Bambo, mitengo imabzalidwa ina. Tsiku lina muziitana anthu. Ndinamuwerengera Tony mpaka pamene mwati wachitatu uja sanakhudzidwe, akudikira mwini wake. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndikuganiza kuti anali ndi tulo.

Pali zimene ndikupempha. Mundiyezere khomo la nyumba ya Tony ndi chingwe, mulifupi mwake, mudule chingwecho n'kuchiika m'kalata. Muyezenso khomo la kuchipinda. Masitepe awiri a pakhonde aja ndi a simenti kapena a dothi? Ndaiwala. Nanga ngolo ya a Zikhalo ikadalipo? Mvula ikagwa imatha kufika pakhomo pathu kuchokera kumsewu?

Ndikungofunsa. Musaganize zambiri.

Alamu andiuza kuti Sungeni akumaphunzira kutema chitsa ndi kamtengo, akuti chaka chino sakufuna kugwiridwa dzanja. Mumupsompsone m'malo mwanga.

Ndine mwana wanu,
Magadalena


Joni, 12 Novembala

Bambo,

Kalata iyi muwerenge muli nokha, mutakhala pansi. Mukamaliza ndiye muwaitane Amayi ndi alamu. Sindinafune kuti alamu amve pa foni ali okha.

Ndakhala ndikukunamizani. Tony sanavulale mwendo. Anathyoka msana, pafupi ndi khosi.

Linali Lachinayi, pa 28 Sepitembala. Ankadula bulugamu wamtali pafupi ndi mpanda wa njerwa. Mnzake wa kuntchito, George wa ku Ntcheu, ndiye anandiuza zonse. Akuti Tony anamanga chingwe, koma chinali chakale, ndipo anali atanena kangapo kuti chatha. Nthambi imene ankadula inabwerera n'kumumenya pachifuwa, chingwe chinaduka, iye n'kugwera pampanda chagada. Bwana wake anamukweza kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi nthambi. Atafika pageti la chipatala anauza alonda kuti wangomutola pamsewu, samudziwa. Kuyambira tsiku limenelo nambala yake sikugwira. George anati tikadandaule, koma tikadandaula kwa ndani, Tony alibe mapepala okhalira kuno?

Dokotala wina wamkazi anandijambulira papepala kuti ndimvetse. Kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi samva kanthu. Mikono amakweza, koma zala sizigwira. Ndicho chifukwa chake sakulemba. Ndinafunsa kuti adzayenda liti. Anandigwira phewa n'kunena kuti sadzayendanso.

Ndinafuna kukuuzani sabata yomweyo. Tony anakana. Anati, "Achemwali, mukawauza Bambo ine ndisiya kudya."

Ndinati, "Nanga ndiziwanamiza mpaka liti?"

Anati, "Mpaka ndidzuke."

Ndinati, "Tony, adokotala aja anati chiyani?"

Anati, "Adokotalawo sandidziwa. Ine ndinagwa mu paini kawiri ndili mwana, ndinadzuka."

Ndiye ndinakhala chete masabata asanu ndi limodzi, ndikukulemberani za mwendo.

Lachinayi lapitali ndikumupukuta, anandiuza kuti ndimutsine chala chaphazi, nditsine kwambiri, iye atseka maso. Ndinatsina, Bambo. Ndinatsina mpaka chikhadabo changa chinalowa, magazi n'kutuluka. Iye ali chitsekere maso anandifunsa kuti, "Mwayamba?" Anatsegula maso n'kuona nkhope yanga, n'kuona magaziwo. Analira ngati mmene ankalirira ali wakhanda, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Atatonthola anati, "Alembereni."

Chinanso ndinene, chisandikhale pamtima. Ntchito imeneyi ndinamupezera ndine. Bwanayo anabwera kudzadula mtengo kwa oyandikana ndi Madamu, ine n'kupita kukamupempha kuti ndili ndi mlongo wanga wodziwa kukwera. Ndinkanyadira. Tony anali pa ntchito yotsuka magalimoto, yonyozeka koma yapansi. Ndinamuchotsako ndine.

Chingwe cha khomo chija ndalandira. Njinga ya olumala siingalowe. Pafunika kugumula mbali imodzi.

Ndikhululukireni.

Magadalena


Joni, 3 Disembala

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? A Yunus afika dzana. Ndinawafunsa kalata, anati sanapatsidwe. Ndinawapempha kuti ayang'anenso m'chikwama, anayang'ana, munalibe. Alamu andiuza pa foni kuti munawerengera kuseri kwa khola la mbuzi, munabwera n'kuwauza mawu ochepa, kenako munatenga khasu n'kupita kumunda mvula ikugwa. Ngati mwandikwiyira, ndikumvetsa. Koma Tony amandifunsa tsiku lililonse kuti Bambo ati chiyani.

Anamutulutsa m'chipatala pa 20, akuti bedi likufunika ena. Ali kwa ine, m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya Madamu. Iye amagona pabedi, ine pansi. Madamu alola, koma akuti mpaka kutha kwa mwezi uno basi, ndipo alendo awo asamuone. Ndimathawa ntchito kangapo pa tsiku kukamutembenuza. Ndi wolemera, ngakhale waonda kwambiri. Simungamudziwe. Ali ndi zilonda ziwiri kumbuyo chifukwa chogona malo amodzi. China ndi chakuya, ndimachitsuka ndi madzi amchere monga anandiuzira anesi. Iye samva kupweteka, amene ndimamva ndine. Masiku awiri apitawa thupi likumatentha madzulo.

Koma pali nkhani yabwino. A Yunus avomera kutitenga. Akuti achotsa mpando wakumbuyo n'kuyala matiresi. Munthu uja Mulungu amudalitse, sanalole n'komwe kuti ndimalize kupempha. Tinyamuka pa 19, tifika pa 22 ngati kumalire sikuvuta. Muwauze a Zikhalo akonze ngolo, ayalemo udzu wambiri.

Poyamba Tony ankakana zobwera. Anati, "Ndinachoka ndikuyenda ndekha, ndikafike atandinyamula ngati thumba la chimanga? Sungeni akaona chiyani?"

Ndinati, "Akaona bambo ake."

Kenako anafunsa kuti, "Nanga kumunda mudzandikweza bwanji? Njinga singakwere pamiyala paja."

Ndinati, "Tidzachotsa chitseko, tidzakugoneka pamenepo. Amuna a kumphakati alipo."

Anati, "Nkhwangwa sindingagwire."

Ndinati, "Bambo amagwira dzanja la amene sangathe. Unayamba choncho iwenso."

Anati, "Ndiye kuti wamng'ono pa onse chaka chino ndine. Sungeni adikire, ndiyamba ndine."

Anaseka, Bambo. Koyamba chigwereni. Kuyambira tsiku limenelo akumadya, ndipo akumandiuza kuti ndiwerenge masiku. Wanditumanso kuti ndikuuzeni kuti nkhwangwa munole bwino, chifukwa akudziwa kuti alamu amawazira nkhuni.

Mugumule khomo lija tisanafike. Pamasitepe muthirepo dothi pakhale potsetsereka. Amayi akonze nsalu zakale zambiri, zofewa, zochapidwa bwino.

Ndipo mulembe, ngakhale mizere iwiri. Osati kwa ine, kwa iyeyo. Mukapatsa wina aliyense wobwera kuno itipeza tisananyamuke.

Ndine mwana wanu,
Magadalena


Joni, 20 Disembala

Bambo ndi Amayi,

Uthenga munaumva kale kudzera kwa alamu. Kalata iyi ikubwera ndi a Yunus pamodzi ndi bokosi.

Chilonda chija chinalowetsa matenda m'magazi. Pa 9 anayamba kunjenjemera ndi kubwebweta. Ndinamubwezera kuchipatala, anamuika madiripi, koma anati tachedwa. Wansembe wina anabwera kudzamudzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukalistia. Anatisiya Lachitatu pa 13, dzuwa likupendeka. Ndinalipo. Ndinali nditamugwira dzanja.

Kalata yanu inafika pa 11, ndi mayi wina wa ku Kabwazi. Ndinamuwerengera pafupi ndi khutu, kawiri. Pamene munalemba kuti, "Mwana wanga bwera, khomo ndagumula," anatsegula maso. Ndikukhulupirira kuti anamva.

Amalawi anzathu a kutchalitchi kuno ndiwo athandiza pa mapepala a maliro ndi bokosi. George anathandiza kumusambitsa. Tamuveka malaya oyera amene anagulira Khirisimasi. Musatsegule kwambiri, nkhope yokha.

Ine sindibwera. Pasipoti yanga masiku anapitirira kalekale, ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Ndinali nditavomera zimenezo pamene ndinkati ndibwera naye wamoyo, chifukwa panafunika womusamala panjira. Tsopano ndaganiza za Sungeni, za alamu, za inu. Tonse tikakhala kumudzi, adzatithandiza ndani? Ndalira nazo masiku atatu. Anthu akanene zimene anganene.

M'chikwama chabuluu muli nsapato za Sungeni, chitenje cha alamu ndi chipewa chanu. Anasankha yekha.

Mumuike bwino mlongo wanga.

Magadalena


Joni, 21 Januwale

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira mukupezako mphamvu. Ine ndilipo. Ndikugwira ntchito. Madamu anabwerako kutchuthi kwawo, ndawapakirira mtengo wawo m'katoni. Bedi ndikulephera kugonapo, ndikadagona pansi.

Alamu andiuza zonse za maliro. Akuti a Yunus anafika pa 23 madzulo, ndipo ngolo ya a Zikhalo inatitimira kawiri m'matope mpaka amuna anachita kusenza bokosi pamapewa. Akuti anthu anadzaza, a kwaya anaimba bwino. Zikomo pomuika pafupi ndi agogo.

Andiuzanso za inu. Akuti pa 24 m'mawa, adzukulu akukumba manda, anthu anakusowani pasiwa. Anakupezani kumtunda kwa munda muli nokha, mwagwetsa kale paini uja. Amuna anafuna kukusenzerani, inu munawaopseza ndi nkhwangwa. Munaukoka nokha kutsetsereka konse kuja, munagwa katatu, bondo n'kutupa. Munauimika pabalaza pafupi ndi bokosi, opanda thonje, opanda chilichonse. Akuti azimayi ena ankanong'ona kuti si mwambo wa maliro umenewo, koma palibe analimba mtima kukuuzani.

Ine sindikuti munalakwa. Ndikanakhalapo ndikanagwira kunsonga.

Koma Bambo, lero ndi pa 21 Januwale ndipo akuti mtengowo ukadali pabalaza. Wauma, wafiira, masamba akuyoyokera pansi ndi m'zakudya. Amayi akasesa mumawakalipira. Akuopa kuyatsa nyali kapena kulowetsa mbaula m'nyumba, chifukwa paini wouma mukumudziwa inu kuposa aliyense, sachedwa kuyaka. Akuti mumakhala pampando moyang'anana nawo kuyambira m'mawa, chimanga sichinabandiridwe, feteleza wachiwiri ali m'thumba. Sungeni sakulowanso pabalaza, amazungulira kukhomo lakuseri. Anawafunsa amake ngati bambo ake ali mumtengomo.

Amayi sangakuuzeni zimenezi. Alamu sangakuuzeni, ndi mtengwa. Ndiye ndikukuuzani ine, ngakhale ndikudziwa kuti chichokereni maliro simunandilembere.

Ndikudziwa chimene chikuvuta. Chiyambire ali ndi zaka khumi, amene ankautulutsa chaka chikatembenuka ndi Tony. Ankaukokera pabwalo dala mwaphokoso kuti Amayi akalipe, n'kuusadza nthambi, thunthu lake n'kukhala mtanda wa khola kapena mpini. Zaka zitatu zimene kunalibe munkautulutsa inu, mukudziwa kuti mukungomugwirizira ntchito yake. Chaka chino mukautulutsa ndiye kuti mwavomera. Inenso pano ndili ndi kapu yake ya phala pawindo, sindinaitsuke. Sindikukuweruzani.

Koma m'nyumbamo muli anthu amoyo atatu amene akukuyang'anani. Mwana uja watsala ndi inu. Tony m'masiku ake omaliza, mutu usanasokonezeke, sankakamba za mtengo ayi. Ankakamba za Sungeni, kuti ayambe sukulu chaka chino, ndiponso kuti Bambo asamakwere okha kumunda. Anandiuza kawiri. Ndinaiwala kulemba m'kalata ya bokosi ija, mutu sunali wanga.

Utulutseni mtengowo, Bambo. Ngati manja anu akukana, sindikukakamizani. Loweruka m'mawa mutenge khasu, mumutenge Sungeni, mutsikire kudimba mukaone mbatata. Mukakhaleko mpaka dzuwa lifike pamutu. Amayi ndi alamu ndalankhula nawo kale. Pobwera musafunse kanthu.

Ndine mwana wanu wotsala,
Magadalena